Kapulana Yofiira Imene Inada mu Kanema

Kanema wa Sidónio anafika kwawo ku Milange Lamlungu masana, anthu atangotuluka ku misa. Ku Maputo anali ataonetsedwa kale, ndipo akuti kumeneko anthu a mandala anamuombera m'manja ataimirira. Kwathu kuno anamuonetsa m'baraka yoonetsera makanema ya Carlitos kuseri kwa msika, mazenera atatsekedwa ndi masaka a feteleza. Sipanathe ndi mphindi ziwiri zomwe, wina anakuwa kumbuyo.

"Carlitos, TV yako yafa iyi! Mitundu yathawa!"

Carlitos anadzuka n'kuiwomba mbama TV ija kawiri. Inangokhalabe mbuu ngati phulusa.

Sidónio anaimirira, sikafu ili m'khosi ngakhale kunja kunali dzuwa loswa mtengo. Sikafuyo anabwera nayo kuchokera ku Maputo, pamodzi ndi chizolowezi chotsinzina akamalankhula.

"TV siinafe, abale. Kanemayu ndinamujambula dala wakuda ndi woyera. Kamera yanga sinailole kuona mtundu ngakhale umodzi. Akatswiri amamutcha nuwa."

"Nowa?" anafunsa mayi wina wogulitsa tomato. "Nowa wachingalawa uja? N'chifukwa chaketu mvula siikukata!"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mvulayo inalidi yosakata. Kanemayo, dzina lake Ambulera ya Malemu, ankanena za munthu wozembetsa shuga pamalire amene anapezeka atafa pansi pa mlatho, ndipo wofufuza milandu ankangoyendayenda m'mvula atavala jasi ndi chipewa, kusuta fodya n'kumalankhula yekha. Tonse tinkadziwa kuti mvulayo inkachokera m'kheni yothirira dimba, chifukwa tsiku lojambula tinaona munthu atakwera nayo mumtengo wa mango. Koma anthu akwathu nawonso musawayamikire. Kanema wa karate mmodzi yemweyo amamuonera kakhumi kukamwa kuli yasaa, pamene cha mwana wa mnzawo amachifunafuna chilema ngati nsabwe za m'msoko.

Pampando wakutsogolo panakhala mayi ake a Sidónio, Dona Teresinha, pambali pawo pali mlongo wawo, a Julião, amene anali nkhoswe ya mnyamatayo. Kumbuyo kwawo kunakhala Cremilda, bwenzi la Sidónio. Chinkhoswe chawo chinali Loweruka la sabata yomweyo. Dona Teresinha anavomera mtsikanayo mokoka miyendo, chifukwa mtima wawo unali pa Angélica, woimba kwaya amene ankawatchula kuti mama kuyambira kalekale. Angélicayo analiponso, atasankha mpando woti aziona nkhope ya aliyense.

Ndiye Cremilda anatulukira pa kanema. Anaima pakhomo, utsi uli tolotolo, atafunda nsalu kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nsaluyo inali yakuda bii. Iye ndiye anali mkazi wa malemu, amene wofufuza uja ankamukayikira. Anayang'ana kamera n'kunena mawu amene Sidónio anamulembera:

"Mwamuna akafa, nyumba imapuma."

Kuseka kuja kunatha.

"Epa," anatero Angélica, monong'ona koma kuti onse amve. "Lutu chinkhoswe chisanachitike. Ena amakonzekeratu."

Lutu ndi zovala zakuda za namfedwa, ndipo kwathu kuno sizivalidwa mwamasewera. Dona Teresinha anadzuka pang'onopang'ono, osayang'ana kumbuyo.

"Julião, tiyeni. Ine sindingakhale pano kuonera maliro a mwana wanga iye ali moyo."

Cremilda anayang'anitsitsa TV ija. Kanemayo anali asanamuonepo atatha. Tsiku lojambula sanavale chakuda chilichonse. Anafunda kapulana yofiira ya masamba obiriwira, chikole chimene Dona Teresinha anasankha okha n'kumutumizira kudzera mwa a Julião. Anaivala monyadira, kuti nsalu ya kwa apongozi ikaoneke mpaka ku Maputo. Kamera ya Sidónio inameza kufiira ndi kubiriwira komwe, n'kusiya mdima wokhawokha.

* * *

"Iwe, thamanga ukawauze mayi ako," anatero Cremilda atatuluka, ataima pansi pa mtengo wa bulugamu pamsewu wopita kumalire. "Ukawauze kuti inali kapulana yawo yomwe ija."

Sidónio maso anali pa foni.

"Taona izi kaye. Dotolo Celso wandipatsa nyenyezi zisanu. Zisanu, Cremilda! Munthu amene sanapatsepo aliyense zoposa zitatu."

Dotolo Celso sanali dotolo wa matenda. Anali mkulu wina wa ku Maputo wolemba za makanema pa intaneti, wa gulu lija la anthu amene sanagwirepo kamera koma amadziwa mmene ena akanaigwirira. Sidónio anawerenga mokweza, akumasulira yekha m'Chinyanja, maso akutsinzina pa mawu alionse okoma.

"Akuti, 'Mnyamatayu wajambula umphawi wa kumalire ngati ndakatulo. Mvula yake si mvula, ndi misozi ya dziko.' Wamva?"

"Ndi kheni ya atate anga."

"Iwenso wayamba kulankhula ngati anthu a m'barakawo? Anthu oti akaona kanema wopanda chibakera amati TV yafa? Mbuzi ungaiimbire nyimbo, imangoyang'ana chimanga chili m'manja mwako."

"Mbuzi imodzi mwa zimenezo ndi mayi ako, Sidónio. Ndipo Loweruka ndi chinkhoswe chathu."

"Ndikawauza. Mtima ukatsika ndikawauza. Usandipanikize lero, lero ndi tsiku langa."

Cremilda anamuyang'ana nthawi yaitali. Ankamukonda, ndipo chimenecho ndiye chinkamuwawa. Anamukonda asanakhale ndi sikafu, akumujambula ndi foni yosweka galasi n'kumamuuza kuti nkhope yake siifuna zodzola. Anatembenuka n'kupita kwawo wapansi, ngakhale njinga zakabaza zinali mbwee pamsewu.

* * *

Lachiwiri m'mawa Angélica anali kale pakhonde la Dona Teresinha, akuthandiza kusola nandolo zimene palibe anamupempha kuti asole.

Dona Teresinha chakuda ankachidziwa bwino kuposa aliyense. Amuna awo anamwalirira kumsasa wa othawa nkhondo, kutsidya ku Malawi, Sidónio ali m'mimba. Kumsasako kunalibe nsalu yakuda, ndiye anaphwanya mabatire akutha a wailesi, n'kudetsa nsalu yawo imodzi yokhayo ndi makala a m'katimo. Anaivala chaka chathunthu, ikuwadetsa khungu mvula ikagwa. Munthu wotere simungamuuze kuti chakuda ndi luso.

"Mama, ine sindifuna kuyambanitsa anthu," anayamba Angélica, monga amayambira onse ofuna kuyambanitsa anthu. "Koma mwamva zimene achimwene Sidónio anauza munthu wa ku Maputo uja?"

"Dzulo wandiuza kuti nsaluyo inali yofiira. Akuti ndi kamera."

"Kamera? Aa, mama. Imvani nokha."

Anatulutsa foni n'kuwerenga Chipwitikizicho mwakachetechete ngati akuwerenga kalata ya Paulo woyera, kenako n'kumasulira mosasiya kanthu. Dotolo Celso anafunsa Sidónio za nsalu yakuda ya namfedwa, imene iye anaitcha mtima wa kanema yense. Sidónio anayankha kuti: "Nsalu yakuda ija ndinasankha ndine, nditaiganizira miyezi itatu. Ndinamuyang'ana Cremilda, ndipo ndinaona namfedwa amene mwamuna wake sanafe."

Manja a Dona Teresinha anaima m'lichero.

"Bwereza."

Angélica anabwereza, ndipo sanatope nako.

"Mtsikana woleredwa akanakana," anatero Dona Teresinha. "Ngakhale mwamuna atakugwadira, lutu suvala." "Koma mwana wanganso ndimamudziwa. Amauza munthu aliyense chimene akufuna kumva. Ine wandiuza yofiira, wa ku Maputo wamuuza yakuda. Munthu wakeyo akuti akubwera Lachisanu kudzaona pakhomo pano. Adzanene tonse tilipo."

Masana omwewo a Julião anapalasa njinga kupita kwa makolo a Cremilda kukanena kuti chinkhoswe chiyambe chaima. Pofika madzulo, gulu la watsapu la kwaya linali litamutcha kale Cremilda dzina latsopano, Mai Lutu. Amene anayambitsa dzinalo sanadziwike, koma Angélica ndiye anali woyamba kulemba kuti anthu asamatero, si bwino.

* * *

Nkhani ya Dotolo Celso inafika pa foni ya Cremilda Lachitatu, yotumizidwa ndi Angélica, pansi pake atalemba kuti, "Mana, mchemwali wanga, ndangoti udziwe. Ndikukupempherera."

Cremilda anawerenga kawiri, n'kutumiza mawu amodzi okha kwa Sidónio: "Namfedwa?"

Foni inalira nthawi yomweyo.

"Cremilda, mvetsera. Sizili mmene ukuganizira."

"Ndikuganiza kuti unanama. Ndalakwa?"

"Munthu uja anandifunsa pamaso pa anthu, maikolofoni ili pakamwa panga. Anali atalankhula za nsaluyo mphindi khumi, akuti ndi mdima wa mbiri yathu, akuti ndi manda oyenda. Ndiye ine ndinene kuti pepani bwana, inali yofiira, inenso ndinadabwa nditaiona pa kompyuta? Akanandiyesa wa kumudzi wongopeza mwayi."

"Ndiwe wa kumudzi, Sidónio. Kwanu ndi konkuno ku Milange."

"Ukudziwa chimene ndikutanthauza."

"Ndikudziwa. Unaopa kuchita manyazi pamaso pa mlendo, ndiye manyaziwo wandisenzetsa ine. Lero kumsika amayi a tomato aja andifunsa ngati bokosi ndagula kale."

Sidónio anapumira m'mwamba.

"Iye ndiye amasankha makanema opita ku chionetsero chachikulu cha chaka chino. Akandisankha, tonse tatuluka muno. Pirira pang'ono, amor, wokondedwa wanga."

"Sindinakupemphe kuti unditulutse muno. Ndakupempha mawu amodzi. Lachisanu mayi ako akakufunsa, udzati chiyani?"

"Ndidzanena zoona."

"Ziti? Uli nazo ziwiri."

"Yofiira. Ndikulumbira, Cremilda, ndidzati yofiira."

Cremilda anadula foni. Anatsegula sutikesi, n'kutulutsa kapulana ija. Inali ikununkhabe utsi wa masamba a nthochi amene anawotcha pojambula. Anaichapa, n'kuiyanika kutsogolo kwa nyumba kumene aliyense wodutsa akanaiona. Odutsawo anaiona, n'kumati wagula ina kuti abise mlandu.

* * *

Dotolo Celso anafika Lachisanu masana pa shapa, kaminibasi kochokera ku Mocuba, fumbi lili mbuu m'ndevu. Anali wamfupi, wamimba, ndipo nayenso anali ndi sikafu. Apa m'pamene tinadziwira kumene Sidónio anatenga matendawa. Chinyanja sankadziwa ngakhale moni. Atangolowa pakhomo la Dona Teresinha anayamba kujambula nkhokwe, khoma losweka la bafa ndi nkhuku yothothoka nthenga, n'kumati zonsezi ndi zoona zenizeni za moyo. Nyumba yanjerwa yopaka laimu imene Dona Teresinha anamanga ndi thukuta la nandolo sanaijambule.

Pamkeka pansi pa mtengo wa mapeyala panakhala Dona Teresinha ndi a Julião. Angélica ankazungulira ndi madzi akumwa ngati mwana wa pakhomopo. Sidónio anakhala pampando pafupi ndi mlendo wake.

Cremilda analowa yekha, kaphukusi kali m'khwapa. Anagwada patali pang'ono n'kupereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa Angélica. Kenako anatambasula kapulana ija pamkeka. Padzuwa paja inkawala kufiira kwake, masamba obiriwira ali ngwee.

"Mama, nsalu ndi iyi. Munandisankhira ndinu. Ina sindinavale."

"Nsalu yanga ndikuidziwa," anatero Dona Teresinha mouma. "Maso anganso ndikuwadziwa."

Cremilda anatulutsa foni yake, n'kuichotsa mitundu monga Sidónio anamuphunzitsira masiku aja akumufunsira. Anaimika foniyo pamwamba pa nsalu mbali ya mthunzi, n'kuipereka ndi manja awiri. Dona Teresinha anayang'ana pa galasi. Nsalu inali yakuda, masamba atasowa. Anayang'ana pamkeka, inali yofiira. Anabwereza katatu, kenako anagwira nsaluyo ndi chala ngati akuopa kuti iwadetsa.

"Mafoni a masiku ano amanama, mama," anatero Angélica mofulumira.

"Khala chete, iwe. Madzi ako waperekera kale."

Angélica anakhala pansi pomwepo, jagi ili m'manja. Dona Teresinha anatembenukira kwa mwana wawo.

"Sidónio. Foni ndi chitsulo. Ine ndikufuna pakamwa pako. Nsalu imene mtsikanayu anavala mu kanema wako inali yamtundu wanji?"

Sidónio anayang'ana mlendo wake, amene tsopano anali atawerama kujambula mtondo. Anatsitsa mawu, n'kulankhula Chinyanja chothamanga.

"Yofiira, mama. Ndi yomweyi. Ndinakuuzani kale."

Zikanathera pomwepo, mawa lake kukanakhala nthungululu. Koma Dotolo Celso anamva kuti mawu asintha, ndipo anabwerera ndi kamera yake, maso ali pa nsalu ya pamkeka. Anafunsa m'Chipwitikizi kuti amayiwa akukambirana chiyani.

Angélica, amene anali atangouzidwa kukhala chete, anaona khomo lotseguka. Anafotokoza m'Chipwitikizi chosalala cha kusukulu kuti amayi akufuna kudziwa mtundu wa nsalu ya namfedwa wa mu kanema, chifukwa mtsikanayu akuti inali iyi.

Dotolo Celso anaseka mpaka mimba kugwedera. Anati limenelo ndiye vuto la anthu osaphunzira kuonera, amafuna kukokera luso pamkeka. Anamenya Sidónio paphewa.

"Auze, mphunzitsi. Auze zimene unandiuza ine. Vermelha kapena preta?"

Dona Teresinha sanapite patali ndi sukulu, koma mawu awiri amenewo amawadziwa aliyense amene anagulapo nsalu pamsika wa Milange. Vermelha ndi yofiira, preta ndi yakuda. Anapinda manja.

"Muyankhe mlendo wako, mwana wanga. Ifenso tikumva."

Sidónio anagwira sikafu yake. Anayang'ana Cremilda, amene sanamuthandize ndi kanthu, anangomuyang'ana ndi maso aja amene Maputo yense anawayamikira. Anayang'ana kamera ya mlendo, kanyali kofiira kakuyaka. Anatsinzina.

"Preta," anatero. "Mu luso, dotolo, inali preta kuyambira pachiyambi."

Munthu wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndevu zili pachibwano, kusintha mtundu wa nsalu kawiri pa mkeka umodzi, mayi ake ali pomwepo. A Julião anavula chipewa n'kuyang'ana m'kati mwake. Ngakhale Angélica, amene anakumba dzenjelo, anaoneka wodabwa kuti munthu wagweramo msanga chotere.

Dotolo Celso yekha ndiye anakondwa. Ananena kuti wasankha kale, kanemayo apita ku chionetsero chachikulu. Koma anawonjezera kuti okonza akufuna onse awiri, wojambula ndi namfedwa wake, ndipo mtsikanayo akakwere pa nsanja atavala zakuda zomwe zija. Popanda iye, anatero, palibe ulendo. Kumwetulira kwa Angélica kunazima ngati nyali yatha mafuta.

"Cremilda," anatero Sidónio. "Wamva? Tonse awiri. Ndikufotokozera bwino tikakhala tokha."

Cremilda anapinda kapulana ija bwinobwino, kanayi, n'kuisalaza ndi chikhatho. Anayenda chogwada mpaka pamene panali a Julião.

"A tiyu Julião," anatero, kuwatchula malume m'Chipwitikizi, "munabweretsa ndinu. Landirani."

"Mwana wanga, chikole sichibwezedwa ndi mtima wapachala. Tiyambe takambirana akuluakulu."

"Akuluakulu mwakambirana sabata yonse. Landirani, a tiyu."

Anaisiya pamiyendo pawo, n'kudzuka. Atafika pa Sidónio anaima pang'ono.

"Mukayende bwino ku Maputo, a Sidónio. Nsalu yakuda mukaipeza kumeneko, ndi woivala yemwe."

Chiyambire chibwenzi chawo anali asanamutchulepo ndi ulemu wa mlendo ngati umenewo.

Dona Teresinha anatsomphola kapulana ija pamiyendo pa mlongo wawo n'kudzuka mofulumira kuposa mmene mawondo awo amalolera. Anamulakwira mtsikanayu pamaso pa tauni yonse, ndipo anadziwa. Anamutsatira mpaka pa chipata cha mpanda, nsalu ili m'manja.

"Apongozi! Apongozi, taimani!"

Chaka chathunthu Cremilda ankadikira dzina limenelo kuchokera pakamwa pamenepo. Ankatunga madzi, ankalonjera chogwada, ankapirira kutchedwa mtsikana uja, zonsezo kuti tsiku lina adzalimve. Anaima, misozi ili chuchuchu, n'kutembenuka. Anapinda mawondo mwaulemu.

"Mama, mwachedwa nalo dzinalo. Mwana wanu wanena yekha, m'chilankhulo cha anthu ophunzira, kuti ine ndine namfedwa. Ndipo mukudziwa inu kuposa ine kuti namfedwa sachita chinkhoswe Loweruka."

Anatseka chipata pang'onopang'ono, n'kulowera njira ya kumsika. Dona Teresinha anatsala ataima ndi nsalu yawo yofiira, kumbuyo kwawo mlendo akufunsa Sidónio kuti mtsikanayo wati chiyani.